Sabata Yobisa Mkuzi wa Lusungu

Lolemba, masana, kuseri kwa chigafa

Kwabwera mlendo. Ndikulemba mofulumira, Lusungu ali mtulo kumsana, akadzuka basi.

Dzina lawo a Thoko. Mtsikana ndithu, msinkhu wanga womwewu, koma ali ku yunivesite. Abusa ndi amene awapezera malo pakhomo pano, akuti nyumba ya mkulu wa mpingo ndi yaulemu. Ntchito yawo akuti ndi kukhala ndi anthu. Basi. Kudya zimene tikudya, kupita kumene tikupita, kuona, kufunsa, kenako akalembe buku la mmene anthu a ku Hewe amakhalira. Ine ndimadziwa kafukufuku uja amabwera ndi pepala, kufunsa muli ndi mbuzi zingati, n'kumapita. Uyu wabwera ndi chikwama ndi neti.

Atangofika akuti: "Chonde musandichitire zapadera. Muzingochita monga mwa masiku onse."

Zimene tachita monga mwa masiku onse:
- amama, apongozi anga aakazi, apha nkhuku. Lolemba!
- atulutsa makapu agalasi amene anaona dzuwa komaliza pa ukwati wathu
- adada, apongozi aamuna, apita kukasoka fodya atavala jekete
- ine ndasesa pabwalo posesedwa kale

Chitumbuka cha a Thoko ndi monire ndi yewo chomene, chathera pomwepo. Ndiye amama akuti mkamwana wathu ndi wa ku Dowa, azilankhula naye Chichewa chawocho, azigonanso kwa iye poti mwamuna wake ali ku Thazima kolondera nyama zakutchire. Poyamba mtima wanga myaa. Munthu woti ndimufunse wadzuka bwanji osayamba ndaganiza kaye! Kenako ndakumbukira.

Mkuzi.

Lusungu ali ndi mkuzi m'chiuno. Ulusi wakuda, pali timitengo ta mphinjiri. Mwana wanga woyamba, Wezi, anatisiya asanayambe kukwawa. Anangotentha thupi, pofika kuchipatala zinali zitatha. Ndiye nditapita kwathu kukaonetsa Lusungu, mayi anga anamumanga mkuziwu ndi manja awo, n'kunena kuti usachoke pathupi mpaka mwana ayende. Sindikudziwa ngati umagwira ntchito. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lusungu alipo.

Koma pano ndi pakhomo pa mkulu wa mpingo. Adada akaima kutsogolo amati zomangamanga pa ana ndi zamdima. Ndipo kuno si kwathu. Kwathu banja likatha ana amapita ndi mayi. Kuno ng'ombe za malowolo zinapita ku Dowa, amalume anavina, mwana ndi wa kuno. Mtengwa wa kwa a Kumwenda, oyandikana nafe, anapita kwawo chaka chatha "kukaona makolo". Sanabwerenso, ana ali pano. Palibe amene amandiuza chifukwa, ndiye zifukwazo ndimadzipangira ndekha.

Ndakhala ndikubisa bwinobwino. Ndimaupinda mkati mwa thewera, kusambitsa ndimasambitsira m'nyumba chitseko chotseka. Tsopano m'nyumbamo mwalowa munthu amene ntchito yake ndi kuona. Adada akuti buku likatuluka akufuna aliwerenge oyamba.

A Thoko akuti akhala mpaka Lamulungu. Dongosolo langa:
- kusambitsa mwana mlendo asanadzuke
- kusintha thewera nditatembenukira kukhoma
- kukhala mkamwana wopanda banga, woti munthu asapeze cholemba
- kuyankha mwachidule

Sabata imodzi. Ndikwanitsa.

Lachiwiri, kudimba

Ndadzuka tambala atangolira kuti nditereke madzi. Ndapeza a Thoko ali panja kale, tsache kumanja, akufunsa ngati timayambira kusesa kukhomo kapena kubwalo. Anthu a m'tauni si aja amati amagona mpaka dzuwa?

Mwana sanasambe.

Munthuyu alibe nkhanza, ndiye vuto lake. Akanakhala wamwano ndikanamuthawa. Koma amaseka, amanyamula nkhuni, Lusungu wamukonda kale, akumukoka ndolo. Ndipo amafunsa. Mayo ine amafunsa.

Mafunso a lero, amene ndikukumbukira:
- chifukwa chiyani mwagwada pakhomo la khitchini koma osati pa la nyumba?
- chifukwa chiyani adada akamabwera mumapatuka m'njira n'kuyang'ana kumbali?
- chifukwa chiyani simudya iwo akuona?
- ndani anakuphunzitsani?

Ndani anandiphunzitsa? Palibe. Ndinkangolakwitsa, amama n'kutsokomola, ine n'kudziwa kuti apa ayi. Ndawauza choncho. Akondwa ngati ndawapatsa mphatso. Ine ndimafuna kuyankha mwachidule, ndapezeka ndafotokoza mpaka za tsiku lija ndinapatsa adada madzi ndili chiimire, mudzi wonse n'kumva kuti ku Dowa kulibe maondo.

China chimene chawadabwitsa: ine ndi adada sitilankhulana maso ndi maso. Mwambo wake ndi umenewo, mkamwana ndi apongozi aamuna amapewana. Kale ankatuma amama. Chibadwire Lusungu amatuma iyeyo. Lero m'mawa aima pabwalo, ine ndili pomwepo, akuti: "Lusungu, uza anyoko kuti mbuzi zalowa m'nyemba." Anyoko ndine, ndiye n'kuthamanga kukathamangitsa mbuzi. A Thoko afunsa kuti nanga ndikafuna kuyankha? Ndati ndimauza Lusungu. Akuti ndiye mwanayu ali pa ntchito yaikulu.

Kumjigo nako zinthu zasintha. Masiku onse pamenepo ndi pamene timamva amene wagona kunja, amene wagulitsa fodya mobera mwamuna, amene watenga mimba mwana akuyamwa. Lero azimayi atangoona mlendo ayamba nyimbo ya m'buku. NyaKumwenda, amene pakamwa pake pamatuluka zoti sindingalembe, akutsogolera. A Thoko andinong'oneza: "Amaimba chonchi tsiku lililonse?" Ndati nthawi zina. Mulungu andikhululukire.

A Thoko asenza ndowa. Yafika kunyumba theka, theka linalo lili pa iwo. Amama akuti yewo chomene, kenako andituma mwakachetechete kuti ndikatungenso.

Thewera ndasintha nditatembenukira kukhoma. A Thoko abwera kumbali kudzandigwirira mwendo wa mwana. Ndati pepani, mundipatsireko chitenje chili panja. Atabwera nacho ndati si chimenecho. Abwerera. Zitenje zanga zatha zonse kuyitanitsa, mawa ndiwatuma chiyani?

Lachitatu, mvula itangokata

Lusungu akununkha mkaka wosasa. M'khosi muli mizere. Amama amununkhiza pamutu n'kunena kwa nkhuku zimene zimadutsa: "Madzi akwera mtengo chaka chino." Ndamva.

Maganizo atsopano: kusambitsira kumunda. Ndabisa beseni laling'ono ndi sopo m'dengu, pamwamba ndaika khasu ndi thumba, ndati ndikukathyola nkhwani. A Thoko anali ndi adada kuchigafa, akuphunzira kusoka fodya, ndati lero ndapulumuka.

Ndangofika pakati pa chimanga, ndathira madzi m'beseni, ndavula mwana malaya, mvula iyo. Ndikumva munthu akuitana: "Mayi a Lusungu! Ndakubweretserani ambulera!"

Munthu wabwino chonchi amachokera kuti?

Nthawi yovula thewera panalibe, yoveka malaya panalibenso. Ndangomuviika m'beseni ndi thewera lake lomwe. A Thoko afika, agwira ambulera pamwamba pathu, iwo akunyowa. Ayang'ana. Ine ndikupaka sopo pamsana, m'khwapa, ndikulambalala m'chiuno ngati pali moto.

"Kodi kuno ana amasamba atavala thewera?"

Pakamwa panga payankha pokha: "Ee. Ndi mwambo wa Chitumbuka."

"Kumunda?"

"Nthawi ya dzinja."

Zimenezi ndazitenga kuti? Kusukulu ndinalekera Sitandade 7 koma bodza ndafika nalo ku yunivesite.

Choipa chachitika titabwerera. Tikusadzula nkhwani pakhonde, a Thoko atembenukira kwa amama mwaulemu wonse, akufunsa kuti mwambo wosambitsa mwana atavala thewera unayamba bwanji, ndipo ine ndimasulire. Kumasulira chiyani? Amama Chichewa amachimva chonse, wailesi samaitseka, kungoti kulankhula safuna.

Asiya nkhwani. Andiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndikuyang'ana nyerere.

Akuti: "Panji ni mwambo wa ku Dowa." Kapena ndi mwambo wa ku Dowa.

A Thoko maso awala. Akuti izi ndiye zimene amafuna: wa ku Dowa akuti n'za Atumbuka, Mtumbuka akuti n'za ku Dowa, aliyense akukankhira mnzake. Akuti afunsanso azimayi ena.

Afunsanso azimayi ena!

Mwana wasamba theka. Thewera lonyowa ndasinthira m'khola la mbuzi. Mbuzi zaona mkuzi, koma izo sizilemba mabuku.

Lachinayi, pobwera ku sikelo

Ndinaiwala kuti lero ndi sikelo. Masiku ena ndimapita mochedwa dala, anthu atatha, wazaumoyo atatopa, amangomupachika mwana mmene alili. Lero a Thoko akufuna aone kuyambira poyamba, nyimbo za phala la magulu ndi zonse. Takhala kutsogolo.

Zimene ndamuveka Lusungu:
- thewera, pamwamba thewera lina
- kabudula wa ulusi
- diresi
- juzi ya ubatizo
- chipewa

Dzuwa lili phwee. Ana a anzanga ali ndi kamalaya kamodzi. Wanga akuoneka ngati mtolo wa fodya wopita ku okushoni.

Wazaumoyo akuti: "Amayi, tikuyeza mwana kapena katundu? Muvuleni."

Ndati ali ndi chimfine.

Amugwira pamphumi, amuyang'ana m'mphuno. Lusungu akumuseka, akumenya miyendo, wathanzi ngati thole. Akuti chabwino, lero tingoyeza choncho, koma kulemera kwake theka ndi kwa juzi. Azimayi aseka. Ndasekanso, mano okha.

Ndimayesa zathera pompo. Koma a Thoko adandaula zenizeni. Njira yonse akundifunsa kuti chayamba liti, bwanji sindinawauze, mwina ndi mvula ya dzulo ija, mwina iwo ndi amene anachedwa ndi ambulera. Atsala pang'ono kulira. Pofika kunyumba, ndisanatsitse n'komwe mwana, auza amama.

Pakhomo pano mawu akuti mwana wadwala si mawu wamba. Apongozi nawonso anamuika Wezi m'manda. Amama asiya mtondo. Adada abwera kuchokera kuchigafa, manja akuda ndi phula la fodya, avula chipewa, apemphera pomwepo pabwalo, pemphero lalitali. Pomaliza akuti: "Lusungu, uza anyoko asaope. Uza anyoko tili pamodzi."

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Amama alamula: mawa athyola masamba a bulugamu, awiritsa, amusambitsa okha mwanayo. Okha. Akuti ine manja anga ndi achibwana.

Masana ano ndatseka chitseko. Ndatenga lezala. Ndati ndingodula, nditaye m'chimbudzi, nkhani ithe, ndikhale mkamwana wopanda chobisa. Ndamuvula. Kamimba kake kakukwera, kakutsika. Wagwira chala changa n'kuika m'kamwa.

Wezi analibe mkuzi. Ndinkafuna kusangalatsa a kuno.

Ndabweza lezala pamwamba pa khoma.

A Thoko agogoda, abweretsa malalanje a wodwala. Wodwala alibe mano. Ndadya ine.

Lachisanu, madzulo pobwera kuchigayo

Kuthawa. Ndadzuka n'kunena kuti ufa watsala pang'ono, ndipite kuchigayo. Ufa ulipo wofika mwezi wamawa. Amama akuti mwana wodwala atsale. Ndati akana, akufuna bere. Ndasenza chimanga, mwana kumsana, ulendo, bulugamu asanathyoledwe.

Kumbuyo phazi phazi. A Thoko. Sanaonepo chigayo cha dizilo.

Tafika pa kamtsinje ka pakati pa njira, ndikumva kumsana kutentha. Kenako fungo. Lusungu wachita zake, osati pang'ono. Zadutsa matewera onse awiri, zakwera msana, zafika m'khosi, zalowa m'chitenje changa. Malalanje aja, ndikuganiza.

Palibe khoma lotembenukirako. Palibe chitenje chowatuma. A Thoko atula thumba langa, akwinya manja a bulauzi, akuti mupatseni kuno, inu muzithira madzi.

Ndamuvula zonse.

Mkuzi uli poyera, wakuda, pa kamimba konyowa.

Ndikudikira funso. Munthu amene wafunsa chifukwa chimene timaikira chipande kumanzere. Palibe. Amugwira m'khwapa, ine ndikuthira madzi, Lusungu akukuwa ndi chisangalalo chifukwa aka n'koyamba kusamba thupi lonse sabata ino. A Thoko atsuka ndi mkuzi womwe, pang'onopang'ono, ndi chala.

Ndiye ine ndayamba kulira, ndanena zonse. Za Wezi, za mayi anga, za ng'ombe, za adada ndi buku. Kuti chimfine kulibe. Kuti mwambo wa thewera kulibe, ku Dowa kapena kuno.

A Thoko amvetsera mpaka ndamaliza. Kenako akuti pepani, sindinadziwe kuti ndikukuzunzani. Akuti chimene munthu sakufuna kuti chilembedwe, sichilembedwa. Akuti ngakhale zimene amalemba amasintha maina, ine akhoza kunditcha dzina lina.

Ndati: "Anti, mtengwa wa ku Dowa m'nyumba ya mkulu wa mpingo ku Hewe, mwamuna wake wolondera nyama, tilipo angati? Ngakhale munditche Mariya."

Aseka mpaka akhala pansi pamchenga. Ine ndikulira, ndikusekanso. Akuti ndiye sindilemba, ndalonjeza. Akuti koma za thewera zija ndinalemba masamba ambiri, ndinasangalala nazo. Ndati pepani. Akuti iwo anakulira m'tauni, sakudziwa ngati anavalapo mkuzi, akafunsa amayi awo. Ndati akakana. Akuti mwadziwa bwanji? Ndati ndangodziwa.

Tachapa, tayanika pa udzu, takhala ngati anthu apachibale. Andiuza kuti nawonso amaopa: aphunzitsi awo akufuna moyo weniweni wa anthu, koma chifikireni akungodya nkhuku ndi kumva nyimbo za m'buku. Ndawauza zimene NyaKumwenda amanena kumjigo masiku ena. Atseka pakamwa ndi dzanja.

Mmodzi wachoka pa mndandanda wa owaopa. Atsala awiri, ndipo ndi akuluakulu.

Tafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mphika wa bulugamu uli pa mafuwa, wazizira. Amama sanakalipe. Angoti: "Machero." Mawa.

Loweruka, madzulo dzuwa lisanalowe

M'mawa azimayi abwera kudzathandiza kusoka fodya wa adada. Takhala m'chigafa mozungulira, masamba pakati, ana pamiyendo. A Thoko anawapempha kale kuti acheze nawo za kaleredwe ka ana. Akufunsa za phala, za kuletsa kuyamwa, za amene amatcha dzina. Za mkuzi sakuyandikirako n'komwe. Za thewera anena okha kuti anamva molakwa. Mtima wanga wayamba kukhala pansi.

Basi NyaKumwenda, popanda womufunsa: "Mulembenso kuti kuno zomanga ana m'chiuno kulibe. Ife ndife a mpingo. Zimenezo n'za anthu a kumwera uko."

Onse: "Yayi, kuno kulije." Kulibe, kulibe. Amama ndi amene akweza mawu kuposa onse.

Ndaweramitsa mutu. Koma sabata yonse ndakhala ndi munthu amene sayang'ana pakamwa pokha, amayang'ananso manja, ndiye matendawo andipatsira. Ndili chiweramire ndikuona manja. NyaKumwenda akunena kuti kulibe, dzanja lake likukokera pansi malaya a mdzukulu wake. Mayi wa pambali pake akukweza kabudula wa mwana. Winayo wasuntha mwana kuchoka pamwendo kupita kumsana. Aliyense pakamwa kulije, dzanja pa chiuno cha mwana.

Ndayang'ana langa. Lili pomwepo.

Ndakhala nawo anthuwa chikwatiwire. Ndinkayang'ana kuti?

A Thoko aona kapena sanaone, sindikudziwa. Angoti yewo chomene, n'kufunsa za mano oyamba.

Masana amama sanapemphe. Angomuchotsa Lusungu kumsana kwanga ngati akuthyola dzungu, alowa naye kubafa, madzi a bulugamu ali kale m'beseni. Ine ndaima kunja kwa mpanda wa udzu. Ndikumva khuvu khuvu. Ndikuganiza za basi ya ku Dowa, ndikuganiza ngati adzandilola kumuyamwitsa komaliza.

"Mkamwana."

Ndalowa chogwada.

Mwana ali pamiyendo pawo, mbulanda. Chala chawo chili pansi pa mkuzi. Alankhula Chichewa, koyamba chibwerere ine pakhomo pano, Chichewa chokhota koma chomveka: "Wathina. Ukufuna umudule pakati mwana? Sukuona wanenepa?"

Ndangoti mayi anati usachoke pathupi.

"Ndani wati uchoke? Gwira apa."

Atulutsa ulusi wakuda pa mfundo ya chitenje chawo. Ine ndagwira mbali ziwiri za mkuzi pamimba pa mwana kuti usachoke, iwo amasula, alumikiza, amanga. Manja awo akudziwa mfundo imeneyi. Si koyamba.

Ndafunsa kuti anadziwa liti. Akuti: "Ukapita kumjigo thewera amasintha ndani? Mbuzi?" Akuti sabata yonse akhala akundionerera ndikuzunza mwana ndi majuzi, amafuna aone ndifika pati. Akuti kusambitsa mwana kumunda, pamvula! Akuti chimfine chija anadziwa pomwepo, koma adada anapemphera ndi mtima wonse, ndiye chimenecho ndikapepese kwa Mulungu ndekha.

Ndalimba mtima, ndafunsa za mtengwa wa kwa a Kumwenda. Akuti uja anachoka yekha, anatopa ndi mwamuna wa kachasu. "Iwe ukuganiza tingakuthamangitse chifukwa cha ulusi? Nanga amene azitunga madzi?"

Kenako atsitsa mawu. "Koma adada ako asaone. Iwo ndi mkulu wa mpingo. Akaona, ayenera kunena."

Watsala mmodzi.

Lamulungu, titaweruka kutchalitchi

Ndamuveka Lusungu diresi loyera, thewera limodzi ngati mwana wa anthu. Mkuzi tsopano ndi wotakasuka, ndiye ukuyendayenda, sukukhala pamene ndauika. Ndaupinda, watuluka. Ndaupindanso.

Tikudikira amama amalize kumanga duku. Adada ali pampando pakhonde, jekete, Baibulo pambali. Atambasula manja: "Lusungu, bwera kwa asekuru, agogo ako, tione ngati wachira." Ndamupereka ndili chogwada, nkhope kumbali. A Thoko aima pakhomo.

Amuimika pamaondo awo. Akumudumphitsa. Diresi lakwera. Chala chawo chachikulu chaima m'chiuno, pamene pali timitengo. Chakhala pomwepo.

Nkhuku zikudutsa. Ine ndikuwerenga ming'alu ya pansi.

Atsitsa diresi bwinobwino, alisalaza. Ayang'ana kumapiri. Akuti: "Lusungu, asekuru ako maso anatha. Magalasi ndimavala powerenga Mawu pokha. Uza anyoko akukonze thewera, tikupita pa anthu."

Ndati: "Lusungu, uza asekuru ndamva."

Akuti: "Uwauzenso kuti wachira msanga. Pemphero limagwira ntchito."

Kutchalitchi lero abusa kulibe, ali ku mpingo wina, ndiye wolalikira ndi adada. Avala magalasi. Pakati pa ulaliki afika pa zomangamanga. Anena mwamphamvu, agunda gome, akuti Mkhristu sadalira ulusi. Nthawi yonseyo akuyang'ana kudenga, kumene kuli chisa cha namzeze. Kumbali ya azimayi sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Amama akuti amen. NyaKumwenda akuti amen. Ine ndati amen, dzanja pa chiuno cha mwana.

Ndiye ndi mmene zilili. Palibe wandithamangitsa, palibe wandikhululukira, chifukwa palibe chimene chachitika. Mawa ndibisanso, mkuja ndibisanso, mpaka ayende. Ntchito yanga ndi kubisa bwino, ya adada ndi kusaona, ndipo ndikabisa mwaulesi ndiye kuti ndawavutitsa nkhalamba.

Pa chakudya cha masana nkhuku kulibe. Nyemba za dzulo, makapu apulasitiki. Adada avula jekete, akhala ndi vesiti yobooka. Amama akalipira a Thoko kuti atsuka mbale moipa, abwerezenso. A Thoko akondwa ngati apambana mayeso. Pomwepo apempha ngati angakhalebe mpaka fodya atapita ku okushoni, poti akuti tsopano ndiye ayamba kuona. Adada akuti: "Lusungu, uza anti ako pano ndi pawo."

Mpaka okushoni. M'nyumba mwanga. Ndi mafunso awo.

Panopa a Thoko akhala pamkeka pambali panga, nawonso akulemba zawo. Cholembera chaima. Andiyang'ana, akunong'ona kuti za lero alembe chiyani.

Ndati lembani kuti tinapita kutchalitchi.